Kalata yotseguka: za mnyamata wa kwathu amene anatsala ku Burma

Kwa Olemekezeka Mtsogoleri wa Dziko, amenenso ndinu mkulu wa asilikali onse, a Nduna ya Zachitetezo, akuluakulu a asilikali, ndi inu aphungu a Nyumba ya Malamulo,

Landirani moni ndi ulemu wanga. Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Kawale kuno ku Lilongwe. Yunifolomu ya usilikali sindinaivalepo, ndipo mfuti ndimangoionera patali. Chandilembetsa kalatayi ndi mwambo wa mwezi wa Novembala uja, umene mumasonkhana pa nsanja ya chikumbutso pafupi ndi Capital Hill mutabaya kaduwa kofiira pachifuwa. Lipenga limalira, anthu amakhala chete mphindi ziwiri, kenako nkhata za maluwa zimaikidwa motsata maudindo. Mwambowo ndi wabwino ndipo usathe ayi. Koma chaka ndi chaka mawu amene timamva ndi amodzimodzi, akuti "asilikali athu amene anataya miyoyo yawo". Onse amathiridwa pamodzi ngati chimanga cha m'nkhokwe. Ine ndikufuna ndikuuzeni za mmodzi.

Anali amalume anga, alongo awo a mayi. Sindinawaonepo chifukwa anamwalira ndisanabadwe, ali mnyamata wosakwatira, ndevu zitangoyamba kumera. Kwathu ndi kuseri kwa Mitundu, ndipo bambo awo ankalima fodya wa chikopa monga ankachitira anthu ambiri a m'boma la Lilongwe masiku amenewo. Amene anakulira ku fodya akudziwa kuti ntchito yake siitha: kuthirira nazale, kuokera, kuthyola, kusoka, kenako kuchezera usiku ukufukiza utsi m'chigafa. Pamapeto pake mtengo ankanena ndi wogula. Msonkho unkafunika chaka chilichonse, fodya achite bwino kapena alephere, ndipo wosalipira ankagona kutchire kuthawa amesenjala. Mnyamata wa pakhomo lotere ankasankha pakati pa kupita ku Halale kukalima m'mafamu a azungu, kukalembetsa Wenela n'kukalowa mumgodi ku Joni, kapena kulowa King's African Rifles, imene makolo ankangoti Keyala.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itafika povuta, boma la atsamunda linkauza mafumu kuti apereke anyamata. Tisanamizane, akuluakulu. Mfumu ikafunsidwa anthu siyamba ndi mwana wake, siyamba ndi mwana wa mwini golosale kapena wa mphunzitsi wa kumishoni. Imayang'ana khomo limene silingathe kukana. Amalume anapita mu 1942. Mayi ankanena kuti anachoka akuseka, atalonjeza kuti adzabwera ndi njinga ndiponso nsalu ya amayi awo. Za Hitler kapena za dziko la Japan, m'mudzi monsemo munalibe amene akanatha kufotokoza.

Anayambira ku Zomba, kenako ku Kenya, kenako sitima ya pamadzi kuchokera ku Mombasa mpaka ku Ceylon, kumene lero tikuti Sri Lanka. Uyutu ndi munthu amene ngakhale nyanja ya ku Salima anali asanaione. Mu 1944 gulu lawo la 11th East African Division, momwe munali anyamata a ku Nyasaland, Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia, linatumizidwa ku Burma kukalondola asilikali a Japan amene ankabwerera atagonja ku Imphal ndi ku Kohima. Anawalowetsa m'chigwa cha Kabaw mvula ili mkati. Chigwacho chinali chodziwika ndi malungo. Misewu inasanduka matope, magalimoto ankatitimira, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege. Pofika Disembala gululo linali litafika pa mtsinje wa Chindwin n'kulanda tauni ya Kalewa. Amalume sanafike nawo.

Uthenga unabwera ndi mesenjala wa kuboma, unafikira kwa a mfumu, a mfumu n'kutuma anthu kukhomo. Panalibe mtembo, panalibe manda oti n'kukaona, ngakhale chipewa chawo sichinabwere. Agogo anakana kumeta. Ankati sangamete mwana amene sanamuone atagona, ndipo anaumirira choncho mpaka anzawo a amalume atabwerako mu 1946. Mmodzi mwa iwo, wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndiye anafotokoza kuti chipolopolo chinawapeza akukwera kaphiri atasenza bokosi la zipolopolo, ndi kuti anzawo anawafotsera pambali pa njira mwachangu chifukwa ulendo unali kupitirira. Apo m'pamene maliro analiridwa, mowa wa bona n'kudzaphikidwa pambuyo pake.

Inu amene munakulira kuchikamwini mukudziwa chimene chimachitika mwana wamwamuna yekhayo akachoka m'banja. Amalumewo ndiwo akanadzakhala mwini mbumba. Ndiwo akanaimirira unkhoswe wa alongo awo, ndiwo akanayankhula pabwalo nkhani ya malire a minda ikabuka, ndiwo tikanathawirako ife ana a alongo awo fizi ikavuta. Mayi anakwatiwa ndi nkhoswe yochita kupempha kwa achibale akutali. Dimba la agogo linapita pa mlandu chifukwa panalibe woliimirira. Mchemwali wanga wamkulu analekera sukulu panjira. M'kaundula wa nkhondo analembamo munthu mmodzi, koma kwathu imfa imeneyo inali ikugwirabe ntchito mpaka m'ma 1960, dziko litalandira kale ufulu.

Nawonso amene anabwerako amoyo sanabwere ndi chuma. Ndalama yothokoza imene boma la Britain linkapereka nkhondo itatha inkawerengedwa motengera khungu. Msilikali wamba wachizungu ankalandira mashileni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda waudindo womwewo ankalandira mashileni atatu ndi theka. Matope anali amodzimodzi, udzudzu umodzimodzi. Za amene anafera ku Burma n'kusowa manda odziwika, mayina awo anazokotedwa pa Rangoon Memorial, m'manda a asilikali a ku Taukkyan pafupi ndi mzinda wa Yangon. Pali mayina pafupifupi 27,000, ndipo ena mwa iwo ndi a ana a dziko lino. Kodi mwa alongo awo ndi amayi awo, ndani anafikako? Mayi anga anamwalira osadziwa n'komwe kuti malo otere alipo.

Zimene ndikunenazi M'busa John Chilembwe anazinena kale, ndipo anazinena bwino kuposa ine. Mu Novembala 1914, patangopita miyezi iwiri chichitikireni nkhondo ya ku Karonga, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anati anthu olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite kunkhondo akawomberedwe, m'malo motuma munthu wakuda wosauka amene alibe kanthu m'dziko lino, amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye ali pa umphawi wadzaoneni. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama ya K2,000, ndipo pa 15 Januwale timapuma ntchito pomukumbukira. Timakamba za A. L. Bruce Estates ndi za thangata, zimene ndi zoona. Koma kalata ija, imene inkafunsa kuti mwana wa ndani akafe pa nkhondo ya ndani, siimveka kawirikawiri m'malankhulidwe a tsikulo.

Nkhondo imene Chilembwe ankaikana ija, yoyamba ya dziko lonse, imene makolo anaitcha ya Chiwaya, inatenga asilikali pafupifupi 19,000 a dziko lino. Inatenganso amuna pafupifupi 200,000 kukakhala amtengatenga, kusenza chakudya, zipolopolo ndi katundu wa azungu pamutu kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique, polondola asilikali a Germany otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck. Ambiri anagwidwa mokakamiza. Njala, kamwazi ndi chibayo zinawapha ochuluka kuposa mfuti, ndipo wogwa panjira ankangomusiya, katundu wake n'kusenzetsa wina. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a ofera kunkhondo la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomereza kuti mwa anthu amene anafera pa nkhondo imeneyo, osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a ku Africa kuno, sanakumbukiridwe ndi mayina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, a Ben Wallace, inapepesa m'nyumba yawo ya malamulo. Eni nkhondo anapepesa. Ife eni maliro tinangomva pa wailesi, moyo n'kupitirira.

Pa atsamunda ndalekera pamenepa, chifukwa kalatayi sikupita ku London. Mbendera yawo inatsika mu 1964. Kuchokera pamenepo amene amatuma anyamata kunkhondo ndi inuyo, m'dzina la ife tonse.

Kuyambira 1987 asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, kuti mafuta ndi katundu zizifika m'dziko muno. Ena sanabwerere. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo nkhani zotere zinkangonong'onedwa. Mabanja amenewo alipo mpaka lero, ena ali konkuno ku Lilongwe, koma m'mabuku a mbiri amene ndinkaphunzitsa ana munalibe ndime ya abale awo. Ana ankatha kunditchulira David Livingstone ndi Harry Johnston ali m'tulo. Ngakhale kampu ya asilikali ya ku Zomba ija timaitchulabe Cobbe, dzina la mkulu wa nkhondo wachizungu amene analandira mendulo ya Victoria Cross pa nkhondo ya ku Somaliland mu 1902 akutsogolera asilikali akuda. Sindikuti dzinalo lichotsedwe. Ndikungoti anyamata amene anali naye tsiku limenelo analinso ndi mayina.

Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni, kum'mawa kwa DRC, polimbana ndi zigawenga za ADF pansi pa mbendera ya United Nations. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete. Ataona kuti Corporal Ali Khamis Omary wa ku Tanzania wavulala ndipo sangathe kusuntha, anapita kukamukoka pakati pa zipolopolo, n'kumufikitsa pobisika, ndipo anawomberedwa akumuthandiza. Omary anachira. Mu Meyi 2019 ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations a António Guterres anapereka ku banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ndi ulemu waukulu kwambiri kwa msilikali wosungitsa mtendere. Chiyambireni kupereka menduloyo ku banja la Diagne mwiniyo, Chitete ndiye anali woyamba kuilandira. Mmalawi, waudindo wotsikitsitsa m'gulu la nkhondo. Imani pa depoti kapena mumsika waukulu wa Lilongwe mufunse achinyamata khumi kuti Chancy Chitete anali ndani, mudzamve yankho. Nanga anzake asanu aja, amene sanalandire mendulo ya ku New York? Mu Januwale 2025 tinatayanso ena atatu pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 cha ku Goma. Mabokosi amafika ku bwalo la ndege la Kamuzu atakutidwa mbendera, zithunzi zimazungulira pa Facebook masiku angapo, kenako nkhani ya mafuta kapena ya feteleza n'kuzikwirira.

Tsiku limene asilikali alengeza kuti akulemba ntchito, pitani mukaone amene amadzadza pabwalo. Ndi ana a alimi, ana a amayi ogulitsa mandasi ndi tomato, ana a alonda ndi a akabaza, ochokera ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Mgona ndi kumidzi, atanyamula setifiketi ya MSCE mu envulopu yakhaki. Ena ndinawaphunzitsa ndine. Amalikonda dziko lawo, inde, ndipo amanyadira yunifolomu akatuluka ku sukulu ya usilikali ya MAFCO ku Salima. Koma amapitanso chifukwa ntchito kulibe, ndipo amalakalaka ulendo wa ku Congo chifukwa ndalama ya kumeneko ndiyo imamanga nyumba ya malata kumudzi ndi kulipirira azing'ono awo fizi. Amalume analonjeza njinga ndi nsalu. Awa amalonjeza malata ndi simenti. Mwana wa bwana nthawi imeneyo ali ku yunivesite, mwinanso kunja. Sindikunena izi mwansanje ayi, makolo onse amafunira ana awo zabwino. Ndikunena kuti amene amasankha za nkhondo ndi amene amalira maliro ake si anthu amodzi, ndipo n'chifukwa chake kuiwala kumakhala kosavuta kwa osankhawo.

Pempho langa lalikulu ndi buku la mayina. Boma likhale ndi kaundula mmodzi wa Amalawi onse amene anafera pa nkhondo kuyambira nthawi ya Keyala, amtengatenga ali momwemo, a ku Nacala ali momwemo, a ku Congo ali momwemo. Lisakhale la dzina ndi nambala chabe. Lilembe mudzi, mfumu yaikulu, boma, chaka, ndi malo amene munthuyo anagwera. Lisanjidwe motsata maboma, kuti mwana wa ku Dowa kapena ku Nsanje athe kutsegula tsamba la kwawo. Likhale m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina za dziko lino, lipezeke pa intaneti komanso pa pepala ku ofesi ya DC ndi m'sukulu.

Ntchito imeneyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo imodzi ndi yachangu kuposa inzake. Mapepala ali ku National Archives ku Zomba, m'makaundula a asilikali, ndi m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission amene aliyense angathe kumuona pa intaneti. Amenewo angathe kudikira pang'ono. Chosadikira ndi zimene zili m'mitu mwa anthu. Anyamata ambiri ankalembedwa ndi dzina limodzi ndi la bambo wawo, kalaliki n'kulemba mmene wamvera, ena n'kupereka dzina lachilendo pothawa msonkho kapena mlandu. Wotha kulumikiza dzina la papepala ndi munthu weniweni wa m'mudzi ndi mlongo wake, mkazi wake, kapena mnzake amene anapita naye. Asilikali a nkhondo yachiwiri amene atsala ali ndi zaka pafupifupi 100. Alongo awo akutha. Mayi anga akanatha kukuuzani anyamata onse a m'midzi yathu amene anapita limodzi ndi amalume, ndi amene sanabwerere, koma palibe anawafunsa, ndipo pano anagona.

Mudzati ndalama palibe. Ndikudziwa kuti zipatala zikusowa mankhwala, ndipo sindikupempha chipilala china cha simenti. Njira zofikira kumidzi muli nazo kale. Pa kalembera wa mavoti, wa ziphaso za unzika ndi wa feteleza wotsika mtengo mumafika mpaka kwa nyakwawa womaliza. Mafumu, matchalitchi, mizikiti ndi bungwe la asilikali opuma la VELOM angathandize. Ophunzira mbiri a m'mayunivesite athu angayende ndi foni kukajambula mawu a okalamba pa tchuthi chimodzi. Anthu akumudzi sanaiwale nkhondozi. Malipenga a ku Karonga ndi ku Nkhata Bay, beni wa ku Mangochi ndi mganda wa kwathu kuno, zovala zake, mizere yake ndi maudindo ake zinachokera ku perete wa asilikali. Anthu akhala akuvina chikumbutso chimenechi zaka zoposa 100 popanda bajeti.

Mayinawo akasonkhanitsidwa, amveke. Sabata ya chikumbutso, wailesi ya MBC iziwerenga mayina a boma limodzi tsiku lililonse, monga imachitira ndi mauthenga a maliro. Sukulu iliyonse idziwe asilikali a m'dera lake. Pa mwambo wa pa nsanja paja, amayi ndi akazi amasiye a anyamatawa apatsidwe mipando yakutsogolo, ndipo nkhata yoyamba aike ndi iwo akazembe asanaike.

Palinso nkhani ya amoyo, imene sindingaidumphe. Msilikali akafera pa ntchito, banja lake lidziwe poyera chimene likuyenera kulandira, kwa ndani, ndiponso pofika liti. Zilembedwe m'chilankhulo chimene mayi wa kumudzi angamve, ziperekedwe kwa mnyamatayo ndi abale ake asanakwere ndege. Ngati chipukuta misozi chikuchokera ku United Nations kudzera m'boma, banja liuzidwe kuchuluka kwake ndi tsiku limene chafika. Mkazi wamasiye asamayende m'maofesi ndi mwana kumbuyo ngati akupempha chithandizo, pamene akufunsa zake. Atetezedwenso kwa achibale olanda chuma. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 linaletsa kale mchitidwe umenewu, koma mtsikana wazaka 23 amene wangoika mwamuna wake sangalimbane yekha ndi akuchimuna onse. Pakhale munthu wa ku usilikali woyenda naye mpaka nkhani itatha, ndipo fizi ya ana ikhale udindo wa dziko mpaka atamaliza sukulu.

Kwa inu aphungu, ndili ndi mawu apadera. Dziko likafuna kutumiza asilikali kunja, nkhaniyo izikambidwa m'Nyumba ya Malamulo anthu akumva pa wailesi: tikupita kukatani, ndi zida zotani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo zikavuta tidzabwerako bwanji. Sindikutsutsa kuthandiza anzathu a ku Congo. Ifenso tinasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo tikudziwa kuti moto wa kwa mnansi sukhalira komweko. Koma anyamata amene akupitawo ndi a m'madera anu. Makolo awo ndi amene anakuvoterani. Aliyense wa inu adziwe kuti m'dera lake mwachoka angati, ndipo bokosi likabwera akapezeke pamaliro, osati kungotumiza thumba la ufa.

Dzina la amalume, la bambo awo, mudzi wawo, mfumu yawo ndi chaka chimene anapita ndinazilemba kale, pamodzi ndi zonse zimene mayi anandiuza. Sindiziika pano chifukwa malo ake si pa intaneti pamene mawa zidzakwiririka ndi nkhani zina. Ku Kawale kuno ndikudziwa mabanja ena amene ali ndi mapepala otere m'masutikesi, wina ali ndi mendulo ya agogo ake yomangidwa m'kansalu. Tiuzeni ofesi yokapereka ndi tsiku lake, tidzabwera nazo tokha pa minibasi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Kawale, Lilongwe